MFUTI YA JACK RUBY: KUYENDA NAYO, KUISUNGA KAPENA KUIGULITSA?

Ku maiko a azungu, makamaka ku America, kuli anthu amene amasonkhanitsa mfuti zakale monga momwe ena amasonkhanitsira masitampa kapena makobidi a makedzana. Pa mfuti zonse, imene ambiri amaikonda kopambana ndi kamfuti kogwira ndi dzanja limodzi kotchedwa revolver. Amakapukuta ndi mafuta, nakagoneka m'bokosi loyalamo nsalu yofewa, ndipo akakumana okhaokha amafunsana chaka chimene kadasulidwa ndi maina a anthu amene adakagwirapo. Tsono munthu akalandira mfuti yotere, kaya pogula kaya pa chuma chamasiye, amaima pa mphambano ya njira zitatu: ayende nayo m'thumba, aisunge m'nyumba, kapena aigulitse kwa wina. Ambiri poweruza nkhaniyi amangoyang'ana mtengo wake. Koma funsoli ndi la chikumbumtima lisanakhale la ndalama, pakuti chinthu chimene ali kuchisiriracho adachipangira kuboola thupi la munthu, ndipo ukalamba sudachilande mphamvu imeneyo.

Pali mfuti imodzi yodziwika kwambiri imene idayenda njira zonse zitatu. Mwini wake woyamba adayenda nayo, ena adaisunga zaka zambiri, ndipo potsiriza idagulitsidwa pa mtengo wodabwitsa. Mbiri yake ithandiza owerenga kuona chimene chili chabwino ndi chimene chili choopsa pa njira iliyonse.

MBIRI YA MFUTIYO

Kale mfuti zambiri zidali ngati gogodela: munthu akaomba kamodzi, ankayamba wathiranso onga ndi chipolopolo asanaombe kachiwiri. M'chaka cha 1836 boma la America lidapatsa Samuel Colt chikalata choteteza luso lake la mfuti yokhala ndi kamgolo kozungulira. Kamgoloko kali ndi mabowo asanu kapena asanu ndi limodzi, bowo lililonse ndi chipolopolo chake, ndipo poomba kamatembenuka ndi kubweretsa chipolopolo china pakamwa pa mpope. Motero munthu mmodzi angathe kuomba kasanu ndi kamodzi asanapume. Patapita zaka zoposa 100, mu 1950, fakitale ya Colt ya ku Hartford idayamba kupanga mtundu wina wotchedwa Cobra. Thunthu lake lidali la aluminiyamu, kulemera kwake kosafika theka la kilogalamu, ndipo zambiri zidali ndi mpope wa mainchesi awiri okha. Adaipanga dala kuti ilowe m'thumba la jekete osaoneka.

Mu Januwale 1960 mfuti imodzi yotere idagulidwa m'sitolo ina mumzinda wa Dallas, m'chigawo cha Texas, pa mtengo wa madola 62.50. Mwini wake adali Jack Ruby, munthu wobadwira ku Chicago mu 1911, amene ankayendetsa nyumba ya mowa ndi magule ausiku yotchedwa Carousel Club. Popeza ankanyamula ndalama zambiri za malonda ake, adali ndi chizolowezi choyenda ndi mfutiyo. Amene ankamudziwa adachitira umboni kuti adali wopatsa ndi wachifundo nthawi zina, komanso wamtima wapachala, wosachedwa kumenya munthu akapsa mtima.

Pa 22 Novembala 1963 Pulezidenti John F. Kennedy adaphedwa mumzinda womwewo wa Dallas, ndipo tsiku lomwelo apolisi adagwira mnyamata wa zaka 24, Lee Harvey Oswald. Lamulungu pa 24 Novembala adakonza zomuchotsa ku likulu la apolisi kupita naye ku ndende ina. M'mawa umenewo Ruby adapita ku ofesi ya Western Union, pafupi ndi likululo, kukatumiza madola 25 kwa mmodzi wa antchito ake. Chiphaso cha ndalamazo chidadindidwa nthawi ya 11:17. Galu wake adamusiya m'galimoto, monga achitira munthu woti abwera posachedwa. Adatsikira m'chipinda chapansi cha likulu la apolisi, kumene atolankhani adasonkhana, ndipo nthawi ya 11:21 adatuluka pakati pa gululo naombera Oswald chipolopolo chimodzi m'mimba. Oswald adali womangidwa ndi unyolo, dzanja lake litalumikizidwa ku dzanja la wapolisi. Anthu miyandamiyanda adaona zimenezi pa wailesi ya kanema zili kuchitika. Pasanathe maola awiri Oswald adamwalira m'chipatala cha Parkland, m'mene Kennedy adamwalira dzana lake, ndipo mlandu wake sudafike konse pa bwalo.

Mu Malichi 1964 bwalo lidagamula kuti Ruby aphedwe. Mu Okutobala 1966 bwalo lalikulu la Texas lidafafaniza chigamulocho ndi kulamula kuti mlandu uzengedwenso, koma Ruby adamwalira ndi matenda pa 3 Januwale 1967, m'chipatala chomwecho cha Parkland. Mfuti ija idatsala. Idagona m'bokosi la ku banki zaka zoposa 20, pamene loya woyang'anira chuma chamasiye ndi abale a Ruby ankalimbana m'makhoti. Potsiriza idaperekedwa kwa mng'ono wake, ndipo pa 26 Disembala 1991 idagulitsidwa pa okushoni ku New York pa mtengo wa madola 220,000.

CHITSULO CHILIBE MLANDU

Choyamba chofunika kuchimvetsa ndi ichi: chitsulo chilibe mlandu. Mfuti imene idapha munthu silowedwa ndi chiwanda, sikhala ndi tsoka lakelake, ndipo woigwira sadetsedwa nayo. Mlandu umakhala mwa munthu, amene ali ndi nzeru ndi ufulu wosankha. Thomas Aquinas Woyera, mphunzitsi wamkulu wa Mpingo amene adamwalira mu 1274, adaphunzitsa kuti mmisiri wosula malupanga ndi mivi sachimwa pa ntchito yakeyo, popeza zinthu zimenezo anthu angathe kuzigwiritsa ntchito bwino kapena moipa. Chimodzimodzinso munthu wokondwera ndi luso la amisiri akale, woyamikira m'mene tizitsulo ting'onoting'ono timalumikizirana ndi kuyendera pamodzi, alibe chifukwa chochitira manyazi. Luso la manja ndi mphatso, ndipo kuliyamikira si tchimo.

Komabe revolver isiyana ndi khasu kapena nkhwangwa. Nkhwangwa ingathe kupha, koma tsiku ndi tsiku imadula nkhuni. Khasu lingathe kulasa, koma limadyetsa banja. Kamfuti ka m'thumba kalibe munda, kalibe nkhuni, ngakhale kusaka nyama sikakhoza bwino. Ena amakaombera chandamale pa masewera, koma amene adakapanga ankaganiza za thupi la munthu. Isiyananso ndi zinthu zina zimene anthu amasonkhanitsa. Kobidi lakale silingagulenso mchere, ndipo sitampa yodindidwa singatumizenso kalata. Koma revolver ya zaka 70 imene idasungidwa bwino imaomba lero monga idaombera tsiku loyamba. Wosunga masitampa akalakwa, amataya ndalama zake. Wosunga mfuti akalakwa, chilango chimagwera thupi la munthu wina, kawirikawiri wosalakwa. Chifukwa chake mwini mfuti sangathe kunena kuti chinthucho nchake basi, achite nacho zimene afuna. Pa njira iliyonse mwa zitatu zija ayenera kudzifunsa kuti: zinthu zikalakwika, adzalira ndani?

KUYENDA NAYO

Osonkhanitsa mfuti amatsutsana pa nkhani yoyenda nayo. Ena amati thukuta ndi kukhulana ndi nsalu kumafufutsa mtundu wa chitsulo ndi kutsitsa mtengo; ena amati mfuti yongogona m'bokosi yataya ntchito imene adaipangira. Onsewa ali kuganizira mfuti, ndipo palibe amene ali kuganizira munthu amene adzakumana naye pa njira.

Koma pali mawu ena olemera koposa amenewo. Wina adzati: phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, munthu woyenda usiku ndi ndalama pakati pa achifwamba ayenera kudziteteza. Mawuwa ali ndi choonadi. Mpingo sudaphunzitsepo kuti munthu apereke khosi lake kwa chigawenga, ndipo amene adapatsidwa udindo woteteza miyoyo ya ena ali ndi ntchito imene sangaithawe. Koma Thomas Woyera yemweyo adaika malire awiri. Oyamba ndi akuti wodziteteza afune kupulumutsa moyo wake, osati imfa ya mnzake, ndipo asagwiritse mphamvu zoposa zimene zifunika. Achiwiri ndi akuti kulanga wolakwa ndi ntchito ya olamulira, amene amasamala ubwino wa anthu onse. Munthu wamba alibe ufulu wopha mnzake ngakhale mnzakeyo atapalamula zoopsa chotani.

Ruby adalumpha malire onse awiri. Oswald sankaopseza wina aliyense m'chipinda muja. Adali m'manja mwa boma, womangidwa, ali kudikira woweruza. Ruby mwini adanena kuti adachita zimenezo chifukwa cha chisoni ndi mkwiyo wadzidzidzi, ndiponso pofuna kuti mkazi wamasiye wa Kennedy asavutike kubwerera ku Dallas pa nthawi ya mlandu. Bungwe la Warren, limene boma lidakhazikitsa kuti lifufuze nkhaniyi, lidapeza mu 1964 kuti adachita yekha, ngakhale anthu ena amatsutsabe mpaka lero. Koma ngakhale mawu ake onse atakhala oona, chimene adachitacho chidalanda dziko lonse mwayi womva mlanduwo poyera, ndipo kukayika kumene kudabadwa tsiku limenelo sikudathe. Iye ankayesa kuti ali kuthandiza chilungamo, pamene adali kutseka pakamwa pa munthu amene akadayankha mafunso pa bwalo.

Tsono phunziro lalikulu lili pa mphindi zinayi zija, kuchokera 11:17 kufika 11:21. Anthu ambiri ku America adapsa mtima masiku amenewo, ndipo ena mwa iwo adalankhula mawu oopsa. Koma mkwiyo wawo udapeza manja opanda kanthu, ndipo udazizira. Ruby akadatsikira m'chipinda muja wopanda mfuti, mwina akadatukwana, mwina akadaponya chibakera, nagona m'chitokosi usiku umodzi. Chimene chidasandutsa mkwiyo wa kanthawi kukhala imfa ndi chizolowezi cha zaka pafupifupi zinayi chotenga mfuti potuluka monga munthu atengera chipewa. Kulakwa kwake kudayamba kale ndithu nthawi ya 11:21 isanakwane; kudayamba pamene munthu wodziwa ukali wa mtima wake adazolowera kuyenda ndi imfa m'thumba.

Akatekisiti amadziwa chiphunzitso cha mipata ya tchimo: munthu wodziwa kufooka kwake ayenera kuthawa malo, anthu ndi zinthu zimene zimamugwetsa. Chidakwa chimene chalapa sichikhala pansi pafupi ndi mtsuko wa mowa ndi kunena kuti chingoyang'ana. Momwemonso wamtima wapachala, wakumwa, wansanje, kapena wosunga chakukhosi, akayenda ndi mfuti ali kudziika dala pa mpata wa tchimo lalikulu, ngakhale lamulo la dziko lake litamulola. Ndipo pali chinanso: mfuti ya m'thumba imasintha mayendedwe a mwini wake. Mkangano umene akadauthawa amaulowa, mawu amene akadawameza amawalankhula, chifukwa akudziwa chimene chili m'jekete. Nchifukwa chake mu 1975 komiti ya maepiskopi a ku America idalemba chikalata chochenjeza za timfuti tam'manja timeneti, ndi kupempha boma kuti litiikire malamulo okhwima.

Nanga munthu wosonkhanitsa mfuti zakale amafuniranji kuyenda nayo? Kawirikawiri chimene chimamukoka ndi kufuna kuonetsa. Mfuti ya Ruby yomweyi, itangogulitsidwa, mu 1992 idapezeka ku Washington pa bwalo la nyumba ya malamulo, pamene amene adainyamula adafuna kuionetsa kwa mkulu wina wa nyumbayo. Apolisi adailanda, ndipo idabwerera kwa mwini wake patapita nthawi yaitali. Kudzionetsa ndi chifukwa chochepa zedi choikira moyo wa munthu pa chiswe. Madzi akatayika saoleka.

KUISUNGA

Kusunga ndiyo njira yofatsa koposa, ndipo nthawi zina ndi udindo, pakuti dziko limene limataya zizindikiro za zoipa zake silichedwa kuiwala. Oswald naye adali ndi revolver yake, imene ofufuza adapeza kuti adaphera wapolisi J. D. Tippit pasanathe ola limodzi Kennedy ataomberedwa. Munthu wina wolemera wa ku Denver adayesa kugula mfuti imeneyo pamodzi ndi mfuti yaitali imene idapha Pulezidenti. Koma mu 1965 nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo lolola boma kutenga zinthu zonse za umboni pa mlanduwo, ndipo mfuti ziwirizo zidasungidwa m'nyumba yosungiramo zolembedwa za boma, yotchedwa National Archives. Kumeneko zili ngati mboni, ndipo palibe angazigule.

Chitsanzo china chili pafupi ndi mitima ya akhristu. Pa 13 Meyi 1981 Papa John Paul II adaomberedwa pa bwalo la Petro Woyera ku Roma. Mu Disembala 1983 adapita kundende kukacheza ndi Mehmet Ali Ağca, amene adamuomberayo, atamukhululukira kale. Chipolopolo chimodzi cha tsiku limenelo adachipereka ku Fátima, m'dziko la Portugal, ndipo chidaikidwa m'chisoti chaufumu cha chifaniziro cha Amayi Maria. Mu 2014 pisitolo yomweyo idaonetsedwa m'nyumba imene Papayo adabadwira ku Wadowice, m'dziko la Poland. Palibe amene adaitanitsa mtengo. Woona zitsulo zimenezi amakumbukira munthu wolasidwa ndi chikhululukiro chake.

Apa ndi pamene pali kusiyana. Pali kusunga kokumbukira wophedwa, ndipo pali kusunga kotamanda wopha kapena chida chake. Njira yosiyanitsira ndi yapafupi: mwana akafunsa kuti chinthu ichi nchiyani, wosungayo amayankha bwanji? Ngati afotokoza ndi nkhope yachisoni za munthu amene adafa ndi ana amene adasiya, kusungako kuli kuphunzitsa zabwino. Ngati maso ake awala ndipo ayamba kusimba mphamvu ya chipolopolo, mwanayo ali kuphunzira china. Palinso kusunga kwachitatu, kongodikira kuti mtengo ukwere. Kumeneko ndi malonda amene sanachitike, ndipo kuweruzidwa pamodzi ndi malonda.

Mfuti zambiri zakale zilibe mbiri ya magazi. Ndi chikumbutso chabe cha atate kapena agogo, ndipo kuzisunga nkololedwa. Koma kusungako kuli ndi mangawa ake. Mfuti ikhale yopanda zipolopolo, yotsekeredwa m'bokosi lachitsulo, zipolopolo zili kwina, kiyi ali kumene mwana sangafike. Lamulo la dziko litsatidwe lonse, ndipo mwini wake akonzeretu za kumene idzapita iye akadzamwalira. Izi si zazing'ono ayi. Mu 2021 anthu oposa 48,000 adafa ndi mfuti ku America, ndipo oposa theka la iwo adadzipha okha. Mbala imene mwini mfuti amaiopa mwina sidzabwera konse, koma tsiku lachisoni chachikulu limafika m'nyumba zambiri. Chifukwa chake m'nyumba mukakhala munthu wosweka mtima, kapena woledzera, kapena bambo ndi mayi akamakangana kosalekeza, mfutiyo ichoke, ngakhale ikhale ya agogo okondedwa chotani. Amisiri amathanso kuipha mfuti kuti isaombenso, thunthu lake nkukhalabe lokongola monga kale. Osonkhanitsa ambiri sakonda zimenezi, popeza mtengo umatsika. Koma amene amati ali kusunga chikumbutso chabe adziyese pamenepa, pakuti munthu angathe kukumbukira agogo ake ndi mfuti yosaomba.

KUIGULITSA

Mfuti imene idagulidwa madola 62.50 idagulitsidwa madola 220,000, ndiko kuti kuwirikiza koposa ka 3,500. Nanga wogulayo adalipira chiyani? Sadalipire chitsulo, pakuti mfuti za Cobra zidapangidwa zambirimbiri kufikira 1981, ndipo zinzake za chaka chomwecho zimagulidwa pa mtengo wamba. Sadalipirenso kusowa kwa chinthucho. Zilipo mfuti zimene mtengo wake umachokeradi ku kusowa: za mtundu wa Colt Walker zidapangidwa 1,100 zokha mu 1847, ndipo imodzi idagulidwa madola oposa 1,800,000 mu 2018. Koma pa mfuti ya Ruby chimene chidakweza mtengo nchimodzi chokha, ndicho chipolopolo chimene chidalowa m'mimba mwa munthu. Ndipo malondawo sadathere pomwepo. Pambuyo pake mfutiyo idaombedwanso kambirimbiri, zipolopolo zake nkumagulitsidwa chimodzichimodzi ngati zikumbutso.

Nkhani yotere si yokhayi. Mu 2019 ku Paris, revolver yadzimbiri imene mlimi adaitola m'munda, imene ena amakhulupirira kuti ndiyo idapha katswiri wojambula Vincent van Gogh mu 1890, idagulidwa mayuro 162,500. Mu 2021 mfuti imene Pat Garrett adaphera chigawenga Billy the Kid mu 1881 idagulidwa madola oposa 6,000,000. Pa msika umenewu imfa ndiyo imaika mtengo.

Chilungamo chifuna kuti mbali inayo imvekenso. Abale a Ruby sadaphe munthu. Adasenza manyazi a dzina lawo zaka zambiri, adataya ndalama pa maloya, ndipo chuma chamasiyecho chidali ndi ngongole ya msonkho. Angathe kunena kuti mfutiyo idali katundu wawo mwalamulo, kuti wogula amaisamala bwino kuti mbiri isatayike, ndi kuti Oswald adali wakupha, wosayenera kumulira. Palibe munthu angaweruze mitima yawo, ndipo kusauka kumachepetsa mlandu wa munthu. Koma funso lakuti malonda otere ndi abwino kapena ayi litsalabe, ndipo pali zifukwa zitatu zowakanira.

Choyamba, magazi a munthu, ngakhale wochimwa, si katundu. Oswald adasiya ana awiri aakazi, wamkulu asanakwanitse zaka ziwiri, wamng'ono wa mwezi umodzi. Iwo sadalakwe kanthu, ndipo adali amoyo pamene anthu ankapikisana mitengo pa chida chimene chidapha bambo wawo. Ngakhale akulu a ansembe amene adalipira Yudasi adachita mantha kuika ndalama 30 zija mosungira chuma cha m'Nyumba ya Mulungu iye atazibweza, chifukwa adadziwa chimene zidagula. Chachiwiri, msika umaphunzitsa. Msika ukalipira chuma chambiri pa chida cha imfa, umalengeza kwa achinyamata ndi kwa osokonezeka mitima kuti njira yachidule yopezera dzina losaiwalika ndiyo kupha munthu wotchuka. Chachitatu, pali zinthu zimene ulemu wake umatha zikangoikidwa pa mtengo. Malamulo a Mpingo amaletsa kotheratu kugulitsa zotsala za anthu oyera, pofuna kuti chikumbutso cha akufa chisasanduke malonda. Nzeru yomweyo ikhudzanso chikumbutso chachisoni: chimene chiyenera kugwetsa nkhope za anthu sichiyenera kuomberedwa m'manja pa okushoni.

Nanga mfuti yakale yopanda mbiri ya magazi? Kuigulitsa nkololedwa, ndipo nthawi zina ndi nzeru, makamaka kwa mkazi wamasiye kapena ana amene sadziwa kuisamala. Koma wogulitsa asaganize kuti udindo wake umatha pamene walandira ndalama. Anzeru akale, kuyambira Plato kufikira Thomas Woyera, adapereka fanizo la munthu amene adasungitsa chida chake kwa bwenzi lake, nabwera kudzachitenga atachita misala. Ngakhale chidacho nchake, adavomerezana kuti bwenzilo lisamubwezere. Ngati munthu angathe kumanidwa chida chake chomwe, koposa kotani mlendo wongobwera ndi ndalama! Tsono wogulitsa adziwe amene ali kumugulitsa, adutse njira zonse zimene lamulo lidaika, ndipo akane wogula amene ali pa mkangano ndi wina, wochita zinthu mothamanga, kapena wofuna kuti malondawo achitike mobisa. Anene zoona za msinkhu wa mfutiyo ndi kumene idachokera, osaipekera mbiri kuti mtengo ukwere. Katekisimu wa Mpingo wa 1992 amaphunzitsa kuti kupanga ndi kugulitsa zida kumakhudza ubwino wa anthu onse, ndi kuti boma lili ndi ufulu ndi udindo woikapo malamulo. Wozemba malamulowo pofuna phindu adzagawana nawo mlandu wa zimene zidzachitike.

YANKHO LAKE

Tsono yankho la funso lija lingathe kuikidwa motere. Kuyenda ndi revolver yakale ndiyo njira yoopsa koposa. Kufuna chifukwa chachikulu ndi chenicheni, chilolezo cha lamulo, ndi mtima wodziletsa umene anthu ena, osati mwini yekha, angauchitire umboni. Kunyadira chinthu chokongola si chifukwa chokwanira. Kuisunga nkwabwino ngati yatsekeredwa ndipo m'nyumba muli mtendere. Kuigulitsa nkololedwa ngati wogula ndi wodziwika, ndipo mtengo uchokera ku luso ndi ukalamba wa chinthucho. Koma mfuti imene mtengo wake uchokera ku magazi, malo ake ndi m'manja mwa boma kapena m'nyumba yosungiramo za mbiri yakale, kumene idzakhala mboni yochenjeza. Ndipo ngati malo otere palibe, woiphwanya sadataye kanthu kofunika.

Ambiri mwa owerenga sadzagwirapo revolver moyo wawo wonse, koma funso lomweli limafika pa khomo lililonse mwa njira ina. Mpeni wotengedwa popita ku mowa, chikwanje chogonekedwa pafupi ndi mphasa pa nthawi ya mkangano wa malire a munda, mkondo wa agogo wopachikidwa pamene ana amasewera, zonsezi zifuna funso lija lakuti zinthu zikalakwika adzalira ndani. Akatekisiti pophunzitsa lamulo lachisanu achita bwino kukumbutsa akhristu kuti kusunga lamulolo kumayamba m'mawa, munthu akamasankha zimene aike m'thumba potuluka m'nyumba. Amene adziwa kuti mtima wake ndi waukali asiye chida kunyumba, apite chimanjamanja, kuti mkwiyo ukamupeza pa njira umupeze alibe chogwira.